Ntchito ya Mumdima: Kulonga Filimu M'magazini ya Kamera ya Kanema

Pa ntchito zonse zomwe zimagwiridwa pojambula kanema, ilipo imodzi yomwe mwini wake amaigwira osaona chomwe manja ake akuchita. Ntchitoyi ndi yolonga filimu m'magazini ya kamera. Kanema ndi luso la maso, koma gawo ili limachitika mumdima wandiweyani, ndipo kawirikawiri amene amasenza udindowu ndi wamng'ono pa onse m'gulu la ojambula. M'chimangirizo chino ndifotokoza momwe ntchitoyi imayendera komanso zomwe zimaonongeka ikalakwika. Mfundo yanga ndi yakuti pafupifupi lamulo lililonse la ntchitoyi lidakhazikitsidwa kuti lilowe m'malo mwa maso. Pomwe munthu sangaone, amadalira zala, ndondomeko yosasinthasintha, ndi zizindikiro zomwe adagwirizana ndi anzake.

Ndiyambe ndi mawu, poti ndiko kwathu ife ophunzira zilankhulo. Poyankhula tsiku ndi tsiku timasinthanitsa mawu akuti "filimu" ndi "kanema", koma muno ndiwalekanitsa. Kanema ndi nkhani yomwe timaonera. Filimu ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki, wokhala ndi timabowo m'mbali, pomwe zithunzi zimajambulidwa. Liwu lomwe lingasokoneze kwambiri ndi lakuti "magazini", chifukwa ife timalidziwa ngati dzina la kabuku ka nkhani ndi zithunzi, monga Moni yomwe makolo athu adakula akuwerenga. Gwero la liwuli ndi makhazin, liwu la Chiarabu lotanthauza nyumba zosungiramo katundu. Lidadzera m'Chitaliyana ndi m'Chifalansa lisadafike m'Chingerezi, ndipo kabuku kadayamba kutchedwa choncho mu 1731, pomwe Edward Cave adayambitsa The Gentleman's Magazine ku London, poona kuti ndi mosungiramo nkhani zosiyanasiyana. Tanthauzo lakale lija lidatsalira pa mfuti ndi pa kamera. Mwa njira ina, magazini ya kamera ndi nkhokwe: bokosi losalowa kuwala, la zipinda ziwiri, china chosunga filimu yosajambulidwa, china cholandira filimu yomweyo ikadutsa kuseri kwa diso la kamera. Chondisangalatsa n'chakuti m'Chiarabumo liwuli lidali kale lochulukitsa, ndipo litafika kwathu lidapeza ma- wathu wa "mabuku" ndi "madengu" akulidikira. Komabe ife timati "magazini iyi" ikakhala imodzi, "magazini awa" akakhala ambiri, liwu lenilenilo osasintha.

Chifukwa chake mdima

Filimu ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi yosalala ndi yonyezimira, ndipo imeneyi ndiyo msana wake. Inayo ndi yothimbirira, yopakidwa mankhwala omwe m'Chingerezi amati emulsion. Mankhwalawa ndi tinjere ta siliva tosaoneka ndi maso, tomatidwa pamodzi ndi jelatini. Kuwala kukagwa pa tinjereti timasintha, ngakhale kusinthako sikuoneka mpaka filimu itatsukidwa ku labotale. Vuto ndi lakuti tinjereti sitisankha. Sitisiyanitsa kuwala kodzera pa diso la kamera, komwe kwanyamula nkhope ya wochita sewero, ndi kuwala kozembera pa kamng'alu ka chitseko. Konse timakulandira chimodzimodzi.

Kamera ikamayenda pa liwiro la masiku onse, la tizithunzi 24 pa sekondi, kachithunzi kalikonse kamaona kuwala kwa gawo limodzi mwa magawo 48 a sekondi. Munthu akavundukula chitini cha filimu poyera kwa sekondi imodzi yokha, ndiye kuti waonetsa mpukutuwo kuwala kwa nthawi yotalika maulendo 48 kuposa pamenepo, popandanso diso la kamera lochepetsa kuwalako. Akuluakulu omwe adajambulitsapo kwa ojambula oyendayenda m'midzi amalikumbuka yankho lokhumudwitsa lija lakuti "zithunzi zapsa". Moto padalibe, koma liwulo lidasankhidwa bwino, chifukwa chopsa sichibwerera.

Wina angafunse za nyale yofiira yomwe timaiona m'makanema munthu akamatsuka zithunzi. Nyale imeneyo imathandiza pa mapepala a zithunzi zopanda mtundu, omwe samva kuwala kofiira. Filimu za makedzana nazonso zidali zosamva kufiira. Koma m'zaka za m'ma 1920 makampani a kanema adasamukira ku filimu yomva mitundu yonse ya kuwala, popeza yakaleyo inkadetsa milomo yofiira ndi kuyeretsa thambo mbuu. Nkhope zidayamba kuoneka bwino, koma wolonga filimu adalandidwa nyale yake yomaliza.

M'thumba lakuda

Kuti ndisangoyankhula m'malere, nditenga chitsanzo cha kamera imodzi, Arriflex 16SR, yomwe kampani ya Arnold & Richter ya ku Munich idatulutsa mu 1975. Imagwiritsa ntchito filimu ya mamilimita 16 m'lifupi, yomwe Kodak idayambitsa mu 1923. Filimu ya muyeso umenewu ndi yomwenso Central African Film Unit inkajambulira makanema ophunzitsa omwe ankaonetsedwa m'midzi ya Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri pakati pa 1948 ndi 1963. Magazini ya 16SR imalandira mpukutu wa mafiti 400, omwe ndi mamita 122, ndipo zipinda zake ziwiri zidagundanitsa misana, chilichonse ndi chitseko chake.

Ojambula akakhala pa situdiyo, kapena akakhala ndi galimoto ya zipangizo, pamakhala kachipinda ka mdima. Akakhala kutchire, mdimawo amachita kuunyamula. Limeneli ndi thumba lakuda la nsalu ziwiri, ina m'kati mwa inzake, iliyonse ndi zipi yake, ndipo lili ndi mikono iwiri ya lasitiki yomwe imafinya mkono wa munthu kumtunda kwa chigongono. Ena amakonda la mtundu wa tenti, lomwe limaima ndi timitengo kuti nsalu isamagwere pa filimu. Munthu wodutsa amangoona mnzake atakhala pamthunzi, manja ali m'thumba, maso akuyang'ana kopanda kanthu. Lamulo losalembedwa n'lakuti munthu wotere sayankhulitsidwa.

Ntchito imayamba manja asadalowe m'thumba. Wolonga amatsekula magazini poyera, n'kuisesa ndi burashi yofewa ndi kuiuzira mpweya, kufunafuna fumbi, tsitsi, ndi tizibenthu ta filimu totsalira dzulo. Amakutumulanso thumbalo atalitembenuza. Amasamba m'manja n'kuwapukuta bwinobwino, amavula wotchi ngati ili yowala usiku. Ngati filimu imasungidwa m'firiji, monga opanga ake amalangizira, ayenera kuitulutsa nthawi ikadalipo kuti chitini chifunde chisadatsekulidwe. Akapupuluma, chinyezi chimaundana pa filimu monga chimachitira pa botolo lozizira, ndipo madonthowo amadzaoneka pa zithunzi. Kenaka amaika magazini ndi chitini m'thumba, chilichonse pamalo pomwe amachiika masiku onse, n'kutseka zipi zonse ziwiri. Kusasintha malo kumeneku si mwambo chabe. Mumdima chinthu chili pomwe udachisiya, kapena chasowa.

Manja akalowa, amavundukula chitini. M'kati mwake muli kathumba kena kakuda, ndipo m'kathumbamo ndimo muli mpukutu, wokulungidwa pa kagudumu ka pulasitiki komwe ndikatche mtima wa mpukutu. Mpukutuwu ulibe zotchinga m'mbali. Umagwirana wokha chifukwa cha kuthina kwa kakulungidwe kake, kotero uyenera kunyamulidwa ndi chikhatho kunsi ngati mbale ya ndiwo. Ukangogwiridwa m'mphepete n'kupendekeka, mtima umatsomphoka n'kugwa, filimu n'kutsatira pambuyo ili piringupiringu. Kubwezeretsa mamita 122 a filimu yotere m'thumba lothina, lotentha, manja akutuluka thukuta, ndi chilango chomwe wolonga aliyense amachiopa.

Nsonga ya mpukutu idamatidwa ndi katepi kakang'ono. Katepi aka kakuoneka kachabechabe, koma wolonga amakamatula n'kukamata pa chivindikiro cha chitini, pomwe adzakaone akatulutsa manja. Akapanda kukaona, ndiye kuti katsalira m'magazini, ndipo kangathe kukakamira m'mano a kamera pakati pa kujambula kapena kukasokoneza makina otsukira ku labotale.

Tsopano pabwera funso lomwe maso akadaliyankha msanga: mpukutu uyang'ane kuti? Mbali ya mankhwala iyenera kudzafika pa khomo la kamera itayang'ana diso. Ikatembenuka, kuwala kumayamba kudutsa msana wa filimu, ndipo zomwe zituluke sizingagwire ntchito. Zala zili ndi njira zake zodziwira. Filimu yosajambulidwa imabwera mbali ya mankhwala itayang'ana m'kati mwa mpukutu, ndipo nsonga yake imapindikira mbali yomweyo. Chala chachinyezi chikakhudza mbaliyo chimamva kunanda, pomwe kumsana chimangotsetsereka. Filimu zambiri za mamilimita 16 zilinso ndi timabowo kumbali imodzi yokha, choncho chikhadabo chimayenda m'mphepete kufufuza komwe kuli timabowoto, chifukwa tikakhala kolakwika mano a magazini sakhala ndi pogwira. Olonga ena amaloweza maonekedwe a mpukutu ndi mchira wake ngati chilembo: pa magazini yakutiyakuti uoneke ngati 9, pa ina ngati P. N'chilembo chomwe amachiwerenga ndi chikhatho.

Mpukutu ukakhala pa chitsulo chake n'kukhomeka, wolonga amalowetsa nsonga pa kampata kopita ku gudumu la mano, n'kupotoza gudumulo pang'onopang'ono mpaka atamva kuti mano agwira ndipo nsonga yatulukira kunja. Amatsitsira pa mpukutu kamkono komwe kamayeza filimu yotsala, amatseka chitseko, n'kuyendetsa chala m'mphepete monse kuti atsimikize kuti sichidapane nsalu ya thumba kapena filimu. Amachikoka kuti aone ngati chakhomeka. Akatero ndiye amatulutsa manja. Ubwino wa 16SR ndi womwewu, wakuti gawo la mumdima limathera apa. Zotsala zimachitika poyera, ndipo filimu yomwe imapsa ndi ya kunsonga yokha, yomwe sidzanyamula chithunzi chilichonse.

Uta wa filimu

Gawo lapoyera lili ndi msampha wake. Kuti tiumvetse, tiyenera kudziwa kuti filimu m'kamera imayenda mayendedwe awiri otsutsana. Mipukutu iwiri ija imazungulira mosalekeza. Koma pa khomo, kuseri kwa diso, filimu iyenera kuima chilili kuti kachithunzi kajambulidwe, kenaka chikope cha kamera chimatseka, kachala kachitsulo kamalowa m'kabowo n'kukokera filimu pansi, chikope n'kutsekukanso. Izi zimachitika maulendo 24 pa sekondi iliyonse. Amene adaonapo telala akusoka pakhonde la sitolo wachiona kale chinthu chofanana nacho: nsalu imaima singano ikamalowa, n'kusuntha singano ikatuluka. Kufananaku sikudangochitika. Louis Lumière, popanga kamera yomwe iye ndi mkulu wake Auguste adaonetsera makanema ku Paris mu 1895, adatengera nzeru ya kachalaka ku makina osokera.

Chinthu chimodzi sichingamayende mosalekeza uku chikuima n'kumadumpha, pokhapokha pakati pakhale polobodoka. N'chifukwa chake wolonga amasiya kachigawo ka filimu kopindika ngati uta kumtunda ndi kumunsi kwa khomo. M'Chingerezi amati loop, ndipo dzina lake lonse limakumbutsa Woodville Latham wa ku America, yemwe gulu lake, momwe mudalinso Eugène Lauste, lidagwiritsa ntchito njirayi mu 1895. Isadatulukiridwe, kachala kankakoka mpukutu wonse mwachindunji, ndipo mpukutu ukakula filimu inkaduka. Makanema oyamba a Lumière adali a mamita 17 okha, osakwana n'komwe mphindi imodzi. Popanda utawu, magazini ya mafiti 400 kapena 1,000 sikadakhala ndi ntchito.

Uta uli ndi muyeso wake weniweni. Ukachepa, filimu imakokeka mothina, timabowo timang'ambika, chithunzi chimanjenjemera. Ukakula, filimu imakhula makoma a magazini n'kukandika. Pa 16SR opanga adaika chizindikiro pa thupi la magazini: wolonga amakoka nsonga mpaka ifike pa chizindikirocho, osapitirira, ndipo osalolanso kuti gudumu lisunthe pomwe akulowetsa nsongayo ku chipinda cholandira. Kumeneko amaikoleka pa mtima wina wopanda kanthu, n'kuzungulitsa kangapo kuti igwire. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kumayezedwa ndi timabowo, chifukwa kuphonya ndi tiwiri kapena titatu n'kokwanira kusintha kalilidwe ka kamera. Wojambula wozolowera amadziwa ndi khutu kuti uta walakwika.

Kukandika ndiko koopsa kwambiri m'maganizo mwanga, chifukwa sikumveka. Kanjere kamodzi ka mchenga kakakhala pomwe filimu imadutsa, kamalemba mzere pa tizithunzi tonse 16,000 ta mumpukutuwo, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Pofuna kupewa zimenezi, magazini ikakhala yachilendo kapena yokayikitsa, amayendetsamo filimu pang'ono, n'kuidula, n'kuipendeketsa padzuwa kufunafuna mizere. Ndi chifukwa chomwechonso kuti, wotsogolera kanema akakhutira ndi gawo lomwe ajambula, gulu silisamuka mpaka wothandizira wojambula atasuzumira pa khomo la kamera ndi tochi kuti aone ngati palibe katsitsi kapena kachibenthu.

Chilankhulo cha tepi

Magazini yotseka siulula zomwe zili m'kati mwake. Yodzaza ndi yopanda kanthu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo chitini cha filimu yatsopano sichisiyana ndi chomwe chanyamula ntchito ya tsiku lonse. Kutsekula kuti uone ndiko kuononga chomwe umafuna kuona. Apa ndi pomwe nkhaniyi idandikokera ine ngati wophunzira zilankhulo, chifukwa gulu la ojambula lidachita kupanga kalembedwe kakekake koyankhulira m'malo mwa bokosi losayankhula.

Wolonga akangotseka magazini, amamata tepi m'mphepete mwa chitseko ndi pa loko wake. Tepiyi imatchinga kuwala, komanso ikunena kuti "muno muli filimu, musatsekule". Pa tepi ina amalembapo mtundu wa filimu, utali wake, tsiku, nambala ya magazini, nambala ya mpukutu, ndi manambala a pa chitini osonyeza gulu lomwe filimuyo idapangidwira ku fakitale. Mtundu wa filimu ndi wofunika chifukwa zilipo zopangidwira kuwala kwa dzuwa ndi zina zopangidwira nyale za m'situdiyo. Mwachitsanzo, pa filimu za Kodak Vision3, 250D ndi ya dzuwa pomwe 500T ndi ya nyale ndiponso imamva kuwala msanga kuwirikiza kawiri. Wojambula amayeza kuwala potengera zomwe zalembedwa pa tepi, osati zomwe zili m'kati, poti zam'katizo sangazione. Tepi ikanama, kamera yonse yanama.

Mitundu ya tepi nayo imayankhula. Magulu ambiri amapatsa mtundu uliwonse wa filimu tepi ya mtundu wakewake, wina wofiira, wina wobiriwira, kuti munthu azindikire ali patali, ndipo ambiri amasungira tepi yakuda zitini za filimu yojambulidwa kale. Palibe chilichonse m'kufiira chomwe chimatanthauza nyale za m'situdiyo. Ndi mgwirizano chabe, monga Ferdinand de Saussure adaphunzitsira za ubale wa liwu ndi tanthauzo lake, ndipo gulu lina likhoza kugwirizana zosiyana. Kusiyana kwake ndi zomwe timakambirana m'kalasi n'kwakuti kuno wolakwitsa chizindikiro salandira cholembera chofiira. Amaotcha ntchito ya anthu ambirimbiri.

Kutsitsa filimu yojambulidwa kumabwereranso m'thumba, ndipo apa ndi pomwe mtima umagunda kwambiri. Polonga, chomwe chingatayike ndi mtengo wa mpukutu. Potsitsa, m'manja mwa wolonga muli zonse zomwe zachitika patsogolo pa kamera: misozi yomwe wochita sewero adaipeza kamodzi kokha, dzuwa lomwe lalowa kale, nyumba yomwe adaiotcha dala ndipo singamangidwenso. Amachotsa mpukutu mosamala, osaukoka kuti uthine chifukwa kutero kumakanda mankhwala, amamata nsonga, amauika m'kathumba kakuda, kenaka m'chitini. Asadatsekule zipi amapapasa m'magazini monse kuti atsimikize kuti mulibe kanthu, n'kupapasanso chitini kuti chatsekeka. Akatulutsa, chinthu choyamba ndi kuzunguliza tepi pa chitinicho ndi kulembapo. Ngati mpukutu sudathe, amadula, ndipo wotsalawo amaubwezera m'chitini china n'kulembapo mafiti omwe atsala, kuti udzagwire ntchito pa gawo lalifupi. Madzulo mawerengero ayenera kugwirizana: filimu yomwe idalandiridwa ifanane ndi yojambulidwa, yotsala, ndi yotayika pamodzi.

Chowawa n'chakuti cholakwa sichidziwika tsiku lomwelo. Zitini zimapita ku labotale, ndipo uthenga umabwera mawa lake, kapena patapita masiku ngati gulu lili kutali. Panthawiyo mahema adazulidwa, ochita sewero ena adakwera ndege. Ndimaona kuti n'zodabwitsa kuti udindo wotere umaperekedwa kwa wongoyamba kumene, yemwe ku Britain amamutcha clapper loader chifukwa ndi yemwenso amaomba kabolodi kaja patsogolo pa kamera. Komabe mwina palibe sukulu ina yoposa imeneyi. Ophunzira amayamba ndi filimu yotha ntchito, kulonga akuona, kenaka atatsinzina, kenaka m'thumba, mpaka zala zitaloweza.

Mphindi 11

Nkhokwe ili ndi malire, ndipo malirewo adalowerera mpaka m'kafotokozedwe ka nkhani. Masamu ake ndi osavuta. Pa tizithunzi 24 pa sekondi, mphindi imodzi imadya tizithunzi 1,440. Filimu ya mamilimita 16 ili ndi tizithunzi 40 pa fiti iliyonse, kotero imatha mafiti 36 pa mphindi, ndipo mafiti 400 amakwana mphindi 11. Ya mamilimita 35, yomwe makanema akuluakulu ankajambulira, ili ndi tizithunzi 16 pa fiti, imatha mafiti 90 pa mphindi, ndipo magazini yake yaikulu ya mafiti 1,000 imakwananso mphindi 11. Kwa zaka zambiri, palibe wotsogolera kanema yemwe akadatha kuyankhula chiganizo chotalika kuposa pamenepa osapuma.

Alfred Hitchcock adalimbana ndi malirewa mu Rope, kanema wa 1948 wochokera ku sewero la Patrick Hamilton. Ankafuna kuti nkhani ya mphindi 80 ioneke ngati ikuchitika mosadukiza m'nyumba imodzi. Adaijambula m'zigawo 10, chotalikitsa chongopitirira pang'ono mphindi 10, ndipo polumikiza zina mwa zigawozi kamera inkayandikira msana wa jekete la munthu mpaka chithunzi chonse chitada, n'kuyambiranso pomwepo ndi magazini yatsopano. Woonera wosadziwa amaganiza kuti ndi luso lokometsera, chonsecho ndi filimu yomwe yatha. M'maphunziro a zolembalemba timakonda kufotokoza kalembedwe ngati chisankho cha mlembi yekha, ndipo timaiwala kufunsa kuti pepala lidali lalikulu bwanji.

Kwa ojambula zochitika zenizeni vuto lidali lina. Wochita sewero akhoza kudikira kuti kamera ilongedwe, koma msonkhano wa ndale kapena maliro sadikira. Makamera akale ankafuna kuti munthu atsekule chitseko n'kuyendetsa filimu m'mano a kamera nthawi iliyonse mpukutu ukatha. Éclair NPR ya ku France, ya mu 1963, kenaka makamera a Aaton ndi 16SR yomwe ndafotokozayi, zidasamutsira mano ndi uta m'magazini momwemo. Kusintha magazini kudasanduka nkhani ya masekondi ochepa: kuchotsa yotha, kukhomeka yodzaza. Ntchito yovuta ija sidathe ayi. Idangosunthira m'mbuyo, kwa munthu wa thumba lakuda, yemwe tsopano ayenera kukhala ndi magazini awiri kapena atatu odzaza nthawi zonse.

Malire a mphindi 11 adagwa ndi makamera a dijito. Pa 23 Disembala 2001, Alexander Sokurov ndi wojambula wake Tilman Büttner adajambula Russian Ark m'nyumba ya Hermitage ku St Petersburg kwa pafupifupi ola limodzi ndi theka osaimitsa kamera, zithunzi zikupita mu kompyuta. M'zaka zotsatira filimu idatsala pang'ono kutheratu. Kodak idalengeza kuti yagwa pa chuma mu Januwale 2012, Fujifilm idasiya kupanga filimu yojambulira kanema mu 2013, ndipo mu 2015 makampani akuluakulu a ku Hollywood adachita kugwirizana ndi Kodak kuti azigulabe filimu kuti fakitale isatseke. Otsogolera ena adaumirira. Christopher Nolan ndi wojambula Hoyte van Hoytema adajambula Oppenheimer, wa 2023, pa filimu ya mamilimita 65, mbali ina ndi makamera a IMAX, omwe kachithunzi kake n'kakakulu kwambiri moti mafiti 1,000 amatha m'mphindi zitatu zokha. Pa ntchito yotere wolonga sapuma, ndipo mpukutu womwe akupapasa mumdimawo ndi wolemera makilogalamu angapo.

Pa makanema ambiri lero, munthu yemwe akadakhala ndi thumba lakuda amakhala ndi laputopu, akukopera zithunzi kuchoka pa khadi la kamera kupita pa zosungira ziwiri kapena zitatu. Nayenso amamata tepi pa khadi lodzaza kuti wina asalifufute lisadakoperedwe. Ndipo khadilo, lomwe silidziwa mdima kapena kuwala, ojambula ambiri amalitchabe mag, chidule cha magazini, monga momwe ife timanenerabe kuti tikukatsukitsa zithunzi titanyamula foni m'manja, kupita kwa munthu yemwe alibe ndi beseni lomwe.